Siteshoni ya magetsi ya gasi ndi sola pa Princeton University: ubwino ndi zofooka zake

Chimene chimanyamula siteshoni ya Princeton, ku New Jersey m'dziko la America, ndi tebaini (injini ya mapiko ozungulira yopukusa jenereta) imodzi ya mtundu wa GE LM1600 yoyendera gasi wachilengedwe, yotulutsa mamegawati 15, imene inayamba ntchito mu 1996. Tebaini payokha imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya gasiyo. Yotsalayo imatuluka ngati mpweya wotentha kwambiri, ndipo apa ndi pagona luso. Mpweyawo amaudutsitsa m'boila kuti uwiritse madzi, nthunzi n'kuyenda m'mapaipi apansi kukafunditsa nyumba za sukulu m'nyengo yachisanu. M'chilimwe nthunzi yomweyo imayendetsa makina oziziritsa madzi. Motero mphamvu yogwiritsidwadi ntchito imapitirira magawo 70 pa 100.

Thanki ya madzi ozizira ya magaloni 2.6 miliyoni ndi yofunika kuposa mmene anthu amaionera. Madziwo amawaziziritsa usiku magetsi ali otchipa, n'kuwagwiritsa ntchito masana mtengo utakwera.

Mphamvu yeniyeni ya siteshoniyi inaoneka mu October 2012, namondwe wa Sandy atagwetsa mawaya m'dera lonselo. Sukuluyi inadzidula ku magetsi a kampani ya PSE&G n'kumadziyatsira yokha, madera oyandikana nawo ali mu mdima.

Sola ndiye timaiyamikira mosamala. Munda wa mapanelo oposa 16,000 umene anaika mu 2012 unkapereka mamegawati 4.5 dzuwa likawala bwino, koma pa chaka chonse unkakwana pafupifupi magawo 6 pa 100 okha a magetsi a pasukulupo. Anawonjezera mapanelo ena pambuyo pake, komabe usiku ndi pa mitambo zimene zimasenza katundu ndi gasi pamodzi ndi magetsi ogula ku kampani. Palinso china: ma inveta ambiri a sola (zipangizo zosintha magetsi a mapanelo kuti alowe pa waya) amatsatira kayendedwe ka magetsi amene awapeza pa waya, ndiye siteshoni ikadzidula ku magetsi a kampani, mtambo ukangophimba mapanelo tebaini imayenera kubweza mwadzidzidzi mamegawati otayikawo. Ikachedwa, chitetezo chimadula zonse.

Tebaini nayo ili ndi khalidwe lake. Kukatentha mpweya umapepuka, kompuresa (mbali ya tebaini yokoka ndi kupanikiza mpweya) imakoka wochepa, mphamvu n'kutsika nthawi yomwe makina oziziritsa m'nyumba akufuna magetsi ambiri. Mafyuluta a mpweya akatsekeka kapena mapiko a kompuresa akada, gasi amapsa wambiri pa magetsi omwewo, n'chifukwa chake amaitsuka kawirikawiri. Ndipo popeza ndi imodzi, ikaima kuti ikonzedwe sukulu imadalira kwambiri magetsi ogula kwa PSE&G, nthunzi n'kuchokera m'maboila apadera.

Mapaipi a nthunzi ndi okalamba ndipo amataya kutentha m'njira. Princeton yayamba kuwasintha ndi mapaipi a madzi otentha odalira zitsime zakuya zosungiramo kutentha pansi pa nthaka, pofuna kuti pofika 2046 isamawonjezerenso mpweya wa kaboni m'mlengalenga.