Ndemanga: haibulidi za mpendadzuwa wa mafuta, ndi imene ndingagulenso

Mwa mbewu za mpendadzuwa zimene ndadzala moyandikana, pa nthaka imodzi, tsiku limodzi ndi feteleza yemweyo, imene ndingagulenso osakayika ndi haibulidi wamba yokhwima pakatikati, ya masiku 110 mpaka 120, ya njere zakuda ndi mutu wowerama. Zinazo, yocha msanga, yopirira mankhwala opha udzu ndi ya mafuta a oleic wambiri (oleic ndi mtundu wa asidi wopezeka m'mafuta odyera), si zoipa ayi, koma iliyonse ili ndi munda wake. Mukaigula munda wanu ulibe vuto limene mbewuyo inapangidwira, mwalipira chinthu chimene simudzachigwiritsa ntchito. Maina a pa matumba sinditchula chifukwa amasiyana dziko ndi dziko ndipo makampani amawasintha pakapita zaka zochepa. Chimene sichisintha ndi mtundu wa mbewuyo.

Muyeso wanga ndi mafuta pa hekitala, osati matumba pa hekitala. Werengani nokha: makilogalamu 2,000 a njere za mafuta 40 peresenti ali ndi mafuta makilogalamu 800, pamene makilogalamu 1,800 a njere za 46 peresenti ali ndi makilogalamu 828. Munda wa matumba ochepa wapambana. Haibulidi zambiri za mafuta zimakhala pakati pa 40 ndi 48 peresenti, ndipo kusiyana kwakukulu kumachokera ku khoko. Njere ya khoko lopyapyala, yodzaza bwino mkati, ndiyo ya mafuta. Ya khoko lochindikala imangolemeretsa thumba. Ngati wogula wanu amalipira pongoyeza kulemera, nkhani ya peresenti siikukhudzani kwenikweni, koma ngati mumayenga nokha kapena wogula amayeza mafuta, muyambire pamenepo. Makina ang'onoang'ono oyengera amasiya mafuta ena mu zotsalira, choncho musayembekezere kuti peresenti yonse yolembedwa pa thumba idzalowa m'chigubu. Mpendadzuwa wa njere zikuluzikulu za mizeremizere ndi wotafuna, mafuta ake ndi ochepa, ndipo sayenera kulowa nawo m'mpikisano uwu.

Chimene chinandikopa pa haibulidi ya pakatikati ndi kufanana kwake. Imamera pamodzi, msinkhu ndi umodzi, maluwa amabwera m'masiku ochepa munda wonse, ndipo kukhwima n'kwa nthawi imodzi. Izi si zokongoletsa munda chabe. Munda wocha pamodzi mumaukolola kamodzi, mbalame sizipeza mwayi womadya mitu yoyamba inu mukudikira yotsalira, ndipo njere zimauma mofanana.

Mutu wake umawerama ukayamba kulemera, nkhope n'kuyang'ana pansi mopendekeka. Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa, chifukwa pa thumba sadzakulemberani. Mutu woima chilili umawambidwa ndi dzuwa ndipo mbalame zimatera n'kumadya momasuka. Mutu wogwada kwambiri, umene kumbuyo kwake kwalowa ngati mbale, umasunga madzi a mvula ndipo kuwola kumayambira pomwepo. Wabwino ndi wopendekeka, wa kumbuyo kotumbuka pang'ono kuti madzi azitsetsereka. Chinanso ndi kudzaza kwa pakati pa mutu. Maluwa a mpendadzuwa amatseguka kuyambira m'mphepete kulowera mkati, ndiye chinyezi kapena mungu zikaperewera, pakati m'pamene pamatsala mphwepwa. Haibulidi iyi inadzaza mpaka pafupi ndi pakati penipeni, chizindikiro chakuti imatha kudzibereketsa ndi mungu wake womwe njuchi zikachepa. Komabe njuchi zimawonjezera zokolola ngakhale pa mbewu yotere. Mng'oma umodzi kapena iwiri pa hekitala nthawi ya maluwa ndi yokwanira, ndipo musapopere mankhwala opha tizilombo masana maluwa ali otseguka.

Chofooka chake n'chakuti siikhululuka mukachedwa kudzala. Mpendadzuwa amafuna madzi kwambiri kuyambira masiku pafupifupi 20 asanachite maluwa kufikira masiku 20 atachita maluwa. Ng'amba ikagwera m'masiku amenewa mitu imachepa, njere zimapepuka ndipo mafuta amatsika. Ndi yaitalinso, kotero mukaithinitsa kapena kuichulukitsira feteleza wa nayitrojeni, tsinde limawonda n'kugwa ndi mphepo. Nayitrojeni wochuluka amatsitsanso peresenti ya mafuta, pamene masamba akuoneka obiriwira mokondweretsa.

Yocha msanga, ya masiku 90 mpaka 100, ndi yaifupi, ya mitu yocheperako, ndipo mvula ikakhala yokwanira imagonja kwa ya pakatikati. Ntchito yake ndi kupulumutsa amene wachedwa kudzala kapena amene mvula ya kwawo ndi yaifupi. Zinthu zitatu muzidziwiretu. Mukaidzala motayana ngati yaitali ija mumataya zokolola, chifukwa imafuna mbewu zochulukirapo pa hekitala kuti mitu ing'onoing'onoyo ikwanire. Ndipo ikacha yokha minda yoyandikana nayo isanache, mbalame zonse za m'deralo zimabwera kwa inu. Mukaidzala molawirira kwambiri imakhwimanso mvula ikadagwa, mitu n'kuchita chuku.

Yopirira mankhwala opha udzu ndi imene anthu amasokonezeka nayo kwambiri, choncho ndikhalitsapo. Pali magulu awiri akuluakulu. Gulu la Clearfield limapirira imazamox, mankhwala amene amapha udzu wa masamba aakulu ndi wina wa masamba owonda, komanso amathandiza pa Orobanche cumana, chomera choyamwa mizu ya mpendadzuwa chimene chavutitsa kwambiri ku Spain, Turkey, Romania ndi Ukraine. Gulu la ExpressSun limapirira tribenuron-methyl, amene amapha udzu wa masamba aakulu okha. Kupirira kwa gulu loyambali kunachokera ku mpendadzuwa wa kutchire amene anapezeka m'munda wa soya ku Kansas mu 1996 ndipo kunalowetsedwa m'mbewu pokwatitsa wamba, choncho si mbewu ya GMO, yosinthidwa chibadwa m'labotale, monga ena amaganizira.

M'munda wa udzu wambiri mbewu iyi imagwiradi ntchito. Mumapopera mbewu ili ndi masamba awiri mpaka asanu ndi atatu, udzu ukadali waung'ono, ndipo milungu inayi kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, imene mpendadzuwa amagonja kwa udzu, imadutsa munda uli woyera. Masamba a pamwamba akachita chikasu masiku angapo mutapopera imazamox musachite mantha, zimatha zokha, makamaka ngati simunapitirire mlingo. Koma zolakwika zake ndi zodula. Mankhwala a gulu lina sayenera kupoperedwa pa mbewu ya gulu linzake: mukapopera tribenuron-methyl pa mbewu ya imazamox mwaiwononga, ndipo haibulidi wamba imafa ndi onse awiri, ngakhale ndi otsalira m'sipuleya yosatsukidwa bwino. Imazamox amatha kutsala m'nthaka, makamaka chaka cha mvula yochepa, n'kuvulaza mbewu zina zotsatira, choncho werengani lebulo musanasankhe chodzala chaka chamawa. Njere zogwera pansi pokolola zimameranso chaka chotsatira zili zopirira mankhwala omwewo, ndipo kuzipha kumafuna mankhwala a gulu lina kapena khasu. Amene munda wake ndi waung'ono ndipo amapalira pa nthawi yake, mbewu iyi asaivutikire.

Ya oleic wambiri m'munda simungaisiyanitse ndi wamba. Kusiyana kuli m'mafuta. Wamba amakhala ndi linoleic wambiri (asidi winanso wa m'mafuta), kawirikawiri 60 mpaka 70 peresenti, pamene iyi ili ndi oleic woposa 80 peresenti, choncho mafuta ake amapirira moto ndipo sachedwa kugulidwa ndi mafakitale okazinga zakudya. Pakati pa ziwirizi pali ya oleic wa pakatikati, imene ku United States amaitcha NuSun. Khalidwe la oleic wambirili linachokera ku mtundu wa Pervenets umene wasayansi Soldatov anatulutsa ku Krasnodar, ku Russia, mu 1976. Ya oleic wambiriyi ndingaidzale pokhapokha wogula atalonjeza mwa kalata kuti adzalipira mtengo wake wapadera. Popanda zimenezo imagulidwa ngati wamba. Imafunanso chisamaliro: mungu wochokera m'munda wa mpendadzuwa wamba woyandikana nawo umatsitsa oleic, ndipo kusakaniza njere popuntha, poyanika kapena m'matumba akale kumagwetsa katundu yense pa mlingo umene wogula akufuna.

Funso limene silichoka ndi lakuti kodi njere za haibulidi zingasungidwe kuti zidzalidwenso. Yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe kake. Haibulidi za mpendadzuwa zinatheka Patrice Leclercq wa ku France atapeza mu 1969 njira yokhalitsa mbewu yaikazi yosatulutsa mungu, ndipo Murray Kinman wa ku United States atapeza mu 1970 chibadwa chobwezeretsa munguwo. Kholo lalimuna nthawi zambiri limakhala la nthambi zambiri kuti lizitulutsa mungu nthawi yaitali. M'thumba limene mwagula makhalidwe onsewa abisika. Mukadzalanso zokolola zanu amatulukira: pafupifupi mbewu imodzi mwa zinayi imakhala yopanda mungu, zina zimachita nthambi ndi timitu tambirimbiri, msinkhu ndi nthawi yokhwima zimabalalika. Wofuna kusunga mbewu agule mtundu wosakhala haibulidi, monga Peredovik kapena Record, podziwa kuti sucha mofanana ndipo umadalira njuchi kwambiri.

Pa matenda, mawu akuti "yopirira matenda" paokha sakuuzani kanthu. Funsani kuti matenda ati. Pa dzimbiri la masamba ndi pa downy mildew, matenda opinimbiritsa mbewu ikadali yaing'ono masamba n'kuyera kunsi, pali haibulidi zopirira kwenikweni, ngakhale tizilombo toyambitsa matendawa timasintha mitundu ndipo mbewu yopirira kwina ikhoza kugwidwa kwanu. Pa Sclerotinia, amene amawoletsa mutu ndi tsinde n'kusiya timibulu takuda tolimba, palibe haibulidi yosagwidwa. Zimangosiyana kukula kwa vuto. Timibuluto timakhala m'nthaka zaka zingapo, choncho mankhwala ake enieni ndi kasinthasintha wa mbewu: mpendadzuwa abwerere pamalo omwewo pakatha zaka 3 kapena 4, ndipo pakatipo pakhale mbewu za mtundu wa udzu monga chimanga, mapira kapena tirigu, osati nyemba kapena soya, zimene zimagwidwanso. Pali vuto lina limene anthu amanamizira mbewu. Mitu ikamathyoka pakhosi ngati yadulidwa ndi mpeni, masamba a pamwamba atakhakhala n'kupindika, nthawi zambiri m'nthaka mukusowa boroni, chakudya cha mbewu chofunika pang'ono chabe, makamaka pa mchenga nthawi ya ng'amba. Kupopera boroni pa masamba mutu usanatuluke kumathetsa zimenezi. Kusintha haibulidi kokha sikungathetse.

Thumba lenilenilo liyang'aneni musanalipire: nambala ya gulu la mbewu, tsiku limene kameredwe kanayezedwa, peresenti ya kameredwe, mankhwala amene anapaka, ndi kukula kwa njere. Mbewu ya mafuta imafooka msanga ikasungidwa potentha, ndiye thumba logonera m'sitolo ndi lokayikitsa ngakhale lisanatsegulidwe. Yesani nokha: kulungani njere 100 m'nsalu yonyowa, muwerenge zomera pakatha masiku 7 mpaka 10. Zikamera 85 kapena kuposa ndi yabwino. Zikachepera 70 bwezani. Kukula kwa njere kumasintha makilogalamu ofunika. Mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando a masentimita 30, kapena 90 ndi 25, mbewu imodzi pa phando, imapereka mbewu pafupifupi 44,000 pa hekitala. Ngati njere 1,000 zikulemera magalamu 60, mukufunika makilogalamu pafupifupi 3. Mukamaponya ziwiri pa phando kuti mudzapatulire, konzekerani 5 kapena 6. Kumalo a mvula yochepa tsikirani ku mbewu 30,000 mpaka 35,000. Kuya kwake ndi masentimita 3 mpaka 5, pa chinyezi, feteleza ali pambali osakhudza njere. Kameredwe koipa kambiri kamene timadandaulira ogulitsa kamachokera pamenepa: kukwirira mozama, nthaka yochita chikhokho pamwamba mvula yamphamvu itagwa, kapena mchenga wotentha kwambiri masana umene umapsereza mphukira isanatuluke. Patulirani pakatha milungu iwiri zitamera, nthaka ili yonyowa, chifukwa mbewu ziwiri pa phando zimapereka timitu tiwiri tosakwana mutu umodzi wabwino.

Wofuna kuyerekeza yekha adzale mtundu uliwonse mizere yosachepera inayi, abwereze malo awiri kapena atatu m'mundamo kuti chonde cha mbali imodzi chisamunamize, ndipo pokolola ayeze mizere ya pakati yokha, kusiya ya m'mphepete ndi mbewu za kumapeto kwa mzere, zimene zimanenepa chifukwa chosapikisana ndi zinzake. Mpendadzuwa wakhwima kumbuyo kwa mutu kukasanduka chikasu, timasamba tozungulira mutu titafiirira, koma pamenepo njere zimakhala zikadali ndi chinyezi choposa 30 peresenti. Musayeze tsiku lodula, chifukwa yochedwa kucha idzaoneka yolemera ndi madzi. Yanikani mitundu yonse payokhapayokha mpaka chinyezi chifike 9 kapena 10 peresenti, petani, yezani, kenako mutenge makilogalamu ofanana a mtundu uliwonse mukayenge pa makina amodzi tsiku limodzi, makinawo atatenthera kale, ndipo mulembe malita a uliwonse.