Ski-Doo Summit 850 yopanda turbo: mphamvu ilipo yokwanira, nkhani ili pa kulemera

Anzanga a kuno ku Alberta, m'dziko la Canada, akhala akundifunsa ngati sindikunong'oneza bondo kuti ndinagula snowmobile (makina okhala ngati njinga yamoto oyenda pa chipale chofewa) yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Ayi, sindikudandaula. Ndayenda nayo nyengo zozizira zingapo m'mapiri a ku British Columbia, makamaka ku Revelstoke, cha ku Boulder Mountain ndi ku Frisby Ridge, ndipo ndalama zitapezekanso lero ndingagule yomweyi. Yanga ndi Ski-Doo Summit 850 ya track (chilabala chakunsi chomwe chimazungulira n'kukankha makina) ya mainchesi 154, ndipo ndinaigula kwa munthu amene anali ataiyendetsako kale.

Ndiyambe ndi mphamvu, poti ndi pomwe mkangano umakulira tikakhala pansi madzulo. Injini yake ndi Rotax 850 E-TEC, ya masilinda awiri, yamtundu wa two-stroke, ndipo imatulutsa horsepower 165. Koma 165 ameneyo ndi wa kumunsi. Mukamakwera phiri mpweya umapepuka, injini imapuma movutikira ngati mmene amachitira munthu, ndipo pa mamita 300 aliwonse imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti. Mukafika pa mamita 2,000 mwatsala ndi 130 kapena kupitirira pang'ono. Vuto limeneli ndi lomwe a Ski-Doo anafuna kuthana nalo mu 2020 pamene anatulutsa 850 ya turbo yochokera kufakitale, yomwe imasunga 165 yense mpaka pa mamita 2,400. Kenako anabweretsa Turbo R ya 180, nawonso a Polaris ali ndi yawo yotchedwa Patriot Boost. Mnzanga wina ali ndi ya turbo ndipo amandibwereka. Pa chitunda chachitali chopanda mitengo, chipale chofewa chitagwa chakuya usiku, imakwera pomwe yanga yatembenukira kale. Zimenezo sindingatsutse.

Funso ndi lakuti pa tsiku lonse, ndi mphindi zingati zomwe munthu wamba amaipatsa moto mpaka kumapeto? Ine nthawi yanga yambiri imathera m'mitengo, kuzemba tsinde ili ndi ilo, kupendeketsa makina kuti adule m'mbali mwa phiri, phazi limodzi pachopondera lina likukankha chipale. Kumeneko chala chachikulu chimangogunda kachitsulo ka moto pang'onopang'ono, ndipo 130 uja amachita kutsalako. Sindinaimepo m'mitengo n'kunena kuti mphamvu yandichepera.

Chomwe chimandithera mphamvu ine ndi kulemera. Papepala amalemba makilogalamu pafupifupi 200, koma apo amayeza mulibe kanthu. Thiranimo malita 36 a petulo, oyilo, zipangizo, chigubu cha mafuta apadera kumbuyo, ndiye muwonjezere chipale chomwe chimamatirira kunsi kwa track n'kuuma. Mwafika pa matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50. Ikamayenda simuzimva zimenezi, imayandama bwinobwino. Mumazimva ikatitimira.

Amene sanazionepo, zimakhala chonchi. Liwiro likachepa pachitunda, track imayamba kukumba pansi m'malo mopita kutsogolo, ndipo musanaphethire kumbuyo konse kwalowa m'dzenje, mphuno yaloza kumwamba. Mukatsika, inunso mwamira mpaka m'chiuno. Mumatulutsa fosholo, kufukula m'mbali zonse ziwiri, kupondaponda kutsogolo kuti pakhale njira yolimba, kenako wina agwire ski (chotsetserekera chakutsogolo) n'kukoka wina akupatsa moto. Zikakanika mumaigubuduza chagada kuti itsikire kumunsi n'kudzukanso. Zonsezi mukuchita pamalo oti mpweya ndi wochepa, mtima ukugunda m'makutu, magalasi achita nthunzi, thukuta lili chuchuchu mkati mwa jekete pomwe kunja madzi akuundana. Zikakuchitikirani kangapo dzuwa lisanafike paliwombo, manja amalefuka, ndipo munthu wotopa ndi amene amagunda mtengo. N'chifukwa chake ine kilogalamu iliyonse ndimaiwerengera. Turbo ili ndi zitsulo zake zowonjezera, ndipo zonse zili kutsogolo, komwe kumafunika kunyamulidwa ndi manja.

Pankhani yomweyi, anthu a Polaris amanyadira kuti RMK yawo ndi yopepuka, ndipo mbiri imeneyo sanangoitola. Ndinayesako ya mnzanga, imapendekeka mosavuta ndipo imagwira mzere m'mbali mwa phiri mokhazikika. Summit ndinaikonda chifukwa cha mmene injini imayankhira ndikangoigusa, komanso chiwongolero chake sichinditopetsa mapewa. Apa aliyense ayese yekha, matupi athu ndi osiyana. Za Yamaha Sidewinder, ya four-stroke yokhala ndi turbo, eni ake amaitamanda kuti injini yake sikalamba msanga, koma amavomereza okha kuti ikatitimira pamafunika anthu ambiri. A Yamaha analengeza mu 2023 kuti asiya kupanga ma snowmobile ikadutsa modelo ya 2025, choncho amene akuganiza zogula yakale aziganizirenso za masipeya a m'tsogolo.

Chinthu chimodzi pa Summit chomwe ndingachiikire kumbuyo paliponse ndi SHOT. M'mawa mumayatsa injini pokoka chingwe, ndipo ikalira imadzaza kachipangizo kosunga magetsi kotchedwa ultracapacitor. Kuyambira pamenepo mumangodina batani. Mulibe batire lolemera, mulibe sitata yapadera, ndipo zonse zimangowonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mukakhala mwangomaliza kufukula, makina apendekeka, inu mukupuma wefuwefu, kudina batani m'malo molimbana ndi chingwe ndi mpumulo waukulu. Kwa ine chimenechi n'chofunika kuposa horsepower 15 wowonjezera.

Pa kudalirika, yanga sinandisiyepo m'phiri. Koma ndinene kuti ndimaisamala ngati mmene inalembedwera m'buku lake. Ndimaisiya ilire kaye mpaka itenthe ndisanaikankhe, chifukwa two-stroke yozizira ukaithamangitsa pisitoni imafufuma msanga kuposa silinda n'kukandana. Ndimathira petulo wa octane 91 ndi oyilo woyenera, osati wotchipa aliyense. Ndimapukuta ma clutch, ndimasintha oyilo wa tcheni nyengo ikamayamba, ndipo lamba wapadera, uja wopititsa mphamvu ya injini ku track, sachoka m'makina. Lamba ndi chinthu chotha pa snowmobile iliyonse, makamaka ya m'mapiri, chifukwa amatentha kwambiri ukamalima m'chipale chakuya. Ndikamva kafungo ka labala ndimaima, kutsegula chitseko cha m'mbali kuti mphepo ipite.

Chinanso chomwe ogula atsopano sauzidwa ndi chakuti makina a m'mapiri amadalira chipale chowazidwa ndi track kuti injini izizire. Msewu wochokera poimika magalimoto kukafika pamwamba umakhala wogangatika, nthawi zina wouma gwa, ndiye kutentha kumakwera msanga. Tsitsani tizitsulo tokanda tija, ma scratcher, musananyamuke, ndipo pomwe pali chipale chofewa m'mbali mwa msewu muzipatukirako. Mukanyalanyaza, mumaononga injini komanso mapulasitiki omwe track imatsetserekapo.

Kudalirika kumeneku sikuti ndi nkhani ya ndalama zokha. Tsiku lina makina a mnzathu, amtundu wina, anazima tili kutali kuseri kwa phiri. Tinachotsa lamba, kumangirira chingwe, n'kumakoka mosinthana mpaka mdima unatipeza panjira. Pali malo ena oti kukoka sikutheka, ndipo ku Revelstoke si zachilendo kuona snowmobile ikulendewera kunsi kwa helikopita, mwini wake atalipira ndalama zambiri. Makina akakhala ndi zinthu zochepa zoti n'kuonongeka, mtima wanga umakhala m'malo.

Mtengo wake ndi wokwera, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Kuwonjezera apo pali ngolo yonyamulira, kulembetsa kuboma, ndi chiphaso chomwe mumalipira ku Revelstoke Snowmobile Club, amene amasalaza misewu. Ndalama zomwe ndinapulumutsa posiya turbo ndinagulira transceiver ndi probe (kachipangizo ndi ndodo zofufuzira munthu wokwiririka m'chipale), fosholo yachitsulo ndi chikwama chokhala ndi airbag (thumba lofufuma lothandiza kuti musakwiririke), n'kulipiranso maphunziro a AST 1, ophunzitsa kudziteteza ku chipale chogumuka, omwe ndondomeko yake imachokera ku Avalanche Canada. Ndikuchonderera aliyense amene akuyamba kuti achite chimodzimodzi. Makina amphamvu amakufikitsani m'mphindi zochepa pamalo oti chipale chikhoza kugumuka n'kukukwirirani, nzeru zowerengera phiri musanakhale nazo. Muzilemekezanso madera omwe anatsekedwa pofuna kuteteza nyama za caribou, monga mbali zina za ku Frisby, chifukwa akaswa lamulo ndi ochepa koma otsekeredwa ndife tonse.

Amene ali ndi thupi lalikulu, kapena amene amakonda zitunda zazitali zopanda mitengo pamwamba penipeni, atenge ya track ya mainchesi 165, ndipo ngati thumba likulola, turbo idzamuthandizadi. Kwa munthu wa msinkhu ngati wanga, woyenda m'mitengo ndi anzake Loweruka ndi Lamlungu, 154 yopanda turbo imatembenuka msanga ndipo anthu awiri amaitulutsa m'dzenje popanda kuitana wachitatu.