Balsa kapena foam: kukonza chipinda chopangiramo ndege za rimoti ku Zomba

Amene akufuna kuyamba kupanga ndege zazing'ono zouluka ndi rimoti amathamangira kufunsa mtengo wa mota, pomwe funso loyamba limayenera kukhala lakuti ndegezo adzazipanga ndi chiyani, chifukwa yankho lake ndi limene limalamula kukula kwa chipinda, mtundu wa tebulo ndi zida zoti agule. Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Ina ndi ya matabwa a balsa, imene akatswiri akale ankaiphatikiza ndi injini ya mafuta, ndipo inayo ndi ya foam, pulasitiki yopepuka yonga siponji youma, ndi mota ya batire. Zonse ziwiri ndaziyesa pakhomo panga ku Matawale, ndipo imene inandigamulira mlandu ndi nyengo ya kuno kwathu.

Balsa ndi mtengo wopepuka kwambiri umene umachokera makamaka ku Ecuador, ndipo ndege yopangidwa bwino ndi balsa imauluka mokoma kuposa ya foam, pamenepa sindingatsutse. Koma balsa imafuna ulemu. Phiko limamangidwa nthiti imodziimodzi pamwamba pa pulani yojambulidwa papepala, nthitizo zitagwiridwa ndi mapini, choncho pamafunika tebulo losalala ndi lowongoka kotheratu. Chitseko chatsopano chopanda mizere, chogonekedwa pa miyendo yolimba n'kuyalapo bolodi yofewa ya siling'i kuti mapini azilowa, chimagwira ntchitoyi bwino kuposa tebulo lodyera. Tebulo likangopindika pang'ono, phikonso limatuluka lopindika, ndipo ndege yotero imakokera mbali imodzi moyo wake wonse. Onjezanipo sandipepa, kasowo kakang'ono, guluu wamatabwa, guluu wolimba wochita kusakaniza wotchedwa epoxy ndi kasimbi komatira pulasitiki yokutira mapiko, komanso fumbi loyera limene limalowa m'mphuno ndi m'zovala za onse a m'nyumba.

Vuto lalikulu la balsa kuno ndi chinyezi. Tili m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera zonse zimachita nyonthonyontho. Chaka china mu Febuluwale ndinasiya phiko losakuta m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba, nditalimanga kwa masabata atatu. Nditalitenga n'kuliyang'ana molunjika kuchokera kunsonga, ndinaona kuti lapotoka ngati khoko la nyemba louma, ndipo mapini onse anali atachita dzimbiri. Amene wasankha balsa, ndiye kuti wasankhanso chipinda cha m'nyumba chokhala ndi siling'i, matabwa ake n'kumawasunga mogoneka pa shelefu, kutali ndi khoma ndi pansi pamene chiswe chimayenda.

Foam ndi yodzichepetsa. Kona ya chipinda ndi tebulo wamba n'zokwanira, bola pakhale mpeni wa malezala osinthasintha, rula yachitsulo, tepi yomatira makatoni ndi kamfuti ka guluu wotentha. Lezala likangobuntha limang'amba foam m'malo moidula, ndiye musaliumirire. Mitundu yake ndi yosiyana: EPP imapindika n'kubwerera ndege ikagwa, Depron ndi youma ndi yosalala koma imathyoka, pomwe foam board yokutidwa ndi pepala imasupuka ikanyowa ndi mame a m'mawa. Ngakhale foam yoyera ija imene imabwera m'makatoni a firiji mungaphunzirirepo kudula, kungoti superglue wamba amaisungunula pomwepo, ndipo mukamaidula ndi waya wotentha muzichitira pakhonde chifukwa utsi wake si wabwino kupuma. Chofooka cha njirayi chimaonekera mu Okutobala, pamene guluu wotentha amafewa ndege ikasiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Choncho pamene pamagwira mota ndi pamene mapiko amalumikizana ine ndimaikapo epoxy.

Pa nkhani ya injini sindichedwapo. Injini ya mafuta ya ndegezi, imene amaitcha glow, imamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane ndi mafuta ofewetsa, amene amakhala a nsatsi kapena opangidwa kufakitale, ndipo mafuta otere simungawapeze pamalo omwetsera galimoto. Methanol amayamwanso madzi a mumpweya botolo likasiyidwa losatseka bwino, ndipo phokoso la injiniyo ikamazungulira mothamanga kwambiri silingakusiyeni pa ubale wabwino ndi oyandikana nawo nyumba.

Mota ya batire ilibe zonsezi, koma imabweretsa udindo wake, umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa batire la mtundu wa LiPo, limene ndegezi zimagwiritsa ntchito, likalakwiridwa limayaka moto wovuta kuzimitsa. Batireli limapangidwa ndi zigawo zotchedwa maselo, selo iliyonse imakhala ndi 3.7V, ikadzaza imafika 4.2V, ndipo batire la maselo atatu, lija amalitcha 3S, limalembedwa 11.1V. Batire la 2200mAh mulitchaje pa 2.2A, zimene zimatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ngati simuuluka sabata imeneyo mulisiye pa 3.8V selo iliyonse, osati lodzaza. Malo otchajira asakhale pa tebulo lodzaza zidutswa za foam. Anga ali pansi pa simenti pafupi ndi khomo, batire lili mu mphika wadothi, chidebe cha mchenga chili pambali, ndipo sindichoka pakhomo likutchaja. Batire lotupa musalichitire chisoni, ntchito yake yatha.

Pogula chaja, sankhani yolandira 12V osati yodalira soketi yokha, chifukwa imeneyo imagwira ntchito ndi batire la galimoto kapena la sola, kaya magetsi athima kaya muli kubwalo louluzirako. Bwalolo likhale kutali ndi anthu, mawaya a magetsi ndi bwalo la ndege zenizeni, poti Zomba ndi tauni ya asilikali.

Kwa woyamba kumene ndikuti atenge foam ndi batire, ndalama zotsalazo azigwiritse ntchito pogula rimoti yabwino ya 2.4GHz, chaja yoyeza selo iliyonse payokha, chowotcherera mawaya ndi nyale yowala ya pa tebulo. Chitseko chosalala chija chiguleni ndithu ngakhale pano, chifukwa foam nayonso imadulika bwino pamalo owongoka, ndipo tsiku limene mudzaitanitse balsa yanu yoyamba mudzangoyalapo bolodi ya mapini.