Buku la malo a madzi a m'chipululu cha Egypt, patatha miyezi 8

Nditangogula bukuli mu Febuluwale ndinalemba kuti ubwino wake ndi zithunzi basi. Ndinapupuluma. Apo n'kuti nditawerenga mitu iwiri yokha, wa Siwa ndi wa Bahariya. Pano ndalimaliza, mitu ina kawiri konse.

Kwa amene simunaone zoyambazo, ndi buku la Chingerezi lachikuto chofewa, ndinalipeza kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni. Limafotokoza malo asanu a kumadzulo kwa mtsinje wa Nile kumene madzi amatumphuka pakati pa mchenga: Siwa, Bahariya, Farafra, Dakhla ndi Kharga.

Mitu iwiri imene ndinayamba kuwerenga ija sindiibwereranso. Zoti mfumu Alexander Wamkulu anapita ku kachisi wa Amun ku Siwa mu 331 BC kukafunsira kwa mulungu, ndi zoti asilikali 50,000 a mfumu Cambyses ya ku Persia anakwiririka ndi mchenga monga ananenera wolemba mbiri wakale Herodotus, mukhoza kuzipeza paliponse pa intaneti. Nayo mitembo yokutidwa ndi golide imene inapezeka ku Bahariya mu 1996 ndi yokongola, koma ukaiona kawiri wakhuta nayo.

Mutu umene wada ndi zala zanga ndi wa Dakhla. Pa nthawi ya mfumu Pepi II, zaka zoposa 4,000 zapitazo, ku Ayn Asil, mudzi wakale wa ku Dakhla, kunali kale abwanamkubwa okhala ndi nyumba zawo ndi manda awo. Kuchokera ku Dakhla kunali njira yolowera kum'mwera chakumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 wopanda chitsime. Ngamira zinali zisanafike, ankayenda ndi abulu. Ndiye madzi ankamwa kuti? Ankatumiziratu anthu kukaika mitsuko ikuluikulu ya madzi m'malo opumira, kuti apaulendo akafika angomwa ndi kumwetsa ziweto. Phiri lina kumeneko amalitcha Abu Ballas, kutanthauza tate wa mitsuko, chifukwa cha mbiya ndi mapale amene anapezeka m'tsinde mwake. Ine amene ndinakula ndikutunga madzi pa mjigo ndinaima kaye pamenepa. Bulu wonyamula madzi a mnzake nayenso amamva ludzu panjira, ndiye tangoganizani maulendo amene ankayenda kuti mitsuko ija idzaze.

Chinanso ndi kaundula wolembedwa pa timatabwa amene anafukulidwa ku mudzi wa Kellis ku Dakhla komweko, wa m'zaka za m'ma 300 AD. Kapitawo wa munda ankalembamo zimene alimi obwereka malo apereka: tirigu, balere, vinyo, ngakhale nkhuku. Nditawawerengera bambo anga mbali imeneyi anaseka, amvekere: "Iwe, ameneyo ndi kalaliki wa pa esiteti weniweni."

Za Kharga wolemba wazithamangira. Kachisi wa Hibis, amene ali ndi dzina la mfumu Darius I ya ku Persia m'makoma mwake, wapatsidwa malo okwanira ndithu. Koma ngalande zapansi za ku mudzi wa Ayn Manawir, zimene anthu anakumba kuti madzi azitsika okha kuchokera m'phiri kupita m'minda, wangozikhudza pang'ono, chonsecho moyo wonse wa mudziwo unali pamenepo. Farafra ndiye ngati waiwalidwa.

Tsopano pa kulimba. Guluu wake ndi wachabechabe. Pofika Juni masamba a pakati, a zithunzi omwe ndinawayamikira aja, anayamba kuthothoka, mpaka ndinachita kusoka ndi ulusi wa thumba la ufa. Mapu nawo ndi aang'ono kwambiri, moti njira yakale ya amalonda ya Darb el-Arbain yochokera ku Darfur m'dziko la Sudan kudutsa ku Kharga ndinachita kuijambula ndekha pa pepala n'kumata kumapeto.

Mukalipeza pa mtengo wa buku lakale, gulani, koma yambirani pa mutu wa Dakhla. Langa lili kwa mphwanga amene amaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo ndamuuza kuti asalipinde potsegula, ulusi uja ungaduke.