Au25, Au38 Kapena Au13: Kagulu ka Golide Kogwira Nako Ntchito Ndi Kati?

Amene mukufuna kuwala kozungulira mbali imodzi (kumene mafunde ake amapota kumanja kapena kumanzere) kuchokera ku timagulu ta maatomu a golide, kawirikawiri mumasankha pakati pa titatu: Au25(SR)18, Au38(SR)24, ndi Au13 yotetezedwa ndi maligandi a NHC. Maligandi ndi mamolekyulu ovekedwa kunja kwa kagulu: SR ndi ligandi ya thiol, yogwira golide kudzera pa sulufule, pomwe NHC imagwira kudzera pa kaboni. Ambiri amathamangira Au25 poti ndi yotchuka. Sindikuitsutsa, koma kutchuka kwakeko sikunabwere chifukwa cha kuwala.

Kapangidwe ka Au25 kanadziwika mu 2008, pamene gulu la Royce Murray ndi la Rongchao Jin anakafotokoza aliyense payekha. Pakati pali maatomu 13, ndipo azingidwa ndi timaunyolo 6 ta golide ndi sulufule. Ikakhala ndi chaji ya -1, maelekitironi ake 8 amadzaza milingo ya mphamvu yotchedwa 1S ndi 1P awiriawiri, choncho ilibe mphamvu ya maginito. Mukachotsapo elekitironi imodzi, pamatsala 7, imodzi yopanda inzake, ndipo makina a EPR, ozindikira elekitironi yopanda inzake, amaiona bwinobwino, monga zinaonetsedwera mu 2009. Apa ndi pamene ndimaikondera Au25: sipini, kamphamvu ka maginito ka elekitironi, mumaiyatsa ndi kuizimitsa popanda kuchotsa atomu ngakhale imodzi. Komanso golide ndi wolemera, moti sipini imakokana mwamphamvu ndi kayendedwe ka elekitironi, n'kugawanitsa milingo ya 1P. Mudziyesere nokha: nsonga imene mumaiona pa 670 nm poyeza kuwala kumene imameza imagawika pawiri mukaiziziritsa mpaka 77 K (pafupifupi -196 °C). Vuto lake n'lakuti imawala mozimiririka. Ndi ligandi ya phenylethanethiol, pa mafotoni (tizigawo ta kuwala) 100 amene yameza, sibweza ngakhale limodzi lathunthu. Ndiponso payokha ilibe chamanja kapena chamanzere; kuti kuwala kuzungulire mbali imodzi, muyenera kuiveka ligandi yokhala nacho, ngati glutathione.

Au38 ndiyo ili nacho chamanja ndi chamanzere chobadwa nacho. Timaunyolo take 9 tinakulunga maatomu 23 a pakati mopota, kotero pali mitundu iwiri yofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, ngakhale ligandi itakhala wamba. Gulu la Jin linaonetsa kapangidweka mu 2010, ndipo mu 2012 gulu la Thomas Bürgi ku Geneva linalekanitsa mitundu iwiriyi ndi HPLC, njira yolekanitsira zinthu zosungunuka. Koma mukapanga mumapeza zosakanikirana theka ndi theka, kulekanitsako kumapereka zochepa kwambiri, ndipo mukatenthetsa, wamanja amayamba kusanduka wamanzere. Kuwala kwake nakonso n'kofooka, kuli mkati mwa infrared, kumene makina ambiri oyezera kuzungulira kwa kuwala amavutika kufikako.

Au13 ya NHC ili ndi maatomu 13 ndi maelekitironi 8 ngati mtima wa Au25, koma chovala chake n'cholimba. Kaboni imagwira golide zolimba, ndipo mphete za maligandi zimapanikizana, osalola kagulu kugwedera ndi kutaya mphamvu ngati kutentha. Gulu la Cathleen Crudden linapeza mu 2019 kuti imabweza mafotoni 16 pa 100 alionse. Mtengo wake ndi ntchito: kuti kuwalako kuzungulire mbali imodzi, ligandi yokhala ndi chamanja kapena chamanzere muyenera kuipanga nokha, pomwe ma thiol ambiri mumangogula.

Ine ndikafuna kuwala ndimatenga Au13, chifukwa nambala ya g, yoyezera kusiyana kwa kuwala kozungulira kumanja ndi kumanzere, imene singapyole 2, pa timagulu totere imakhalira cha pa 0.001, ndipo kusiyana kochepa chonchi simungakuyeze pa kuwala kozimiririka. Chimene ndikupemphani n'chakuti musasokoneze zinthu ziwiri. Kuwala kozungulira kumanja kungachokere ku kupotoka kwa kapangidwe kokha, osati kuti masipini a maelekitironi aloza mbali imodzi. Ngati funso lanu ndi la sipini yeniyeni, bwererani ku Au25 ya maelekitironi 7, muiike m'maginito pa kuzizira kwambiri, muyeze MCD (kusiyana kwa mmene imamezera kuwala kozungulira kumanja ndi kumanzere ili m'maginito) pamodzi ndi EPR musanalembe chilichonse.