Kalabu ya ulusi wa masokosi wonyika pamanja: ulusi ndi wabwino, koma werengerani kaye

Pali kalabu ina yaing'ono kuno ku Johannesburg imene imatumiza ulusi wolukira masokosi mwezi ndi mwezi kwa anthu olembetsa. Mwiniwake amanyika yekha ulusiwo mu utoto, ndipo simudziwiratu mtundu umene ubwere. Mumalipira kudzera kubanki (EFT) mwezi usanayambe, phukusi n'kukupezani m'bokosi lokhoma la kampani yotumiza katundu kapena kusitolo yotumizira katundu ya PostNet. M'phukusimo mumakhala mtolo umodzi wa magalamu 100, kapepala ka malangizo a kalukidwe, ndipo miyezi ina amawonjezerapo kamtolo ka magalamu 20 ka mtundu wosiyana, kolukira chidendene ndi kuzala. Amayi a kwathu amene amaluka pamodzi Loweruka masana akhala akufunsana ngati ndalama yolowera kumeneku ikupita pabwino. Ulusiwo ndi wabwino ndithu, koma kalabuyi imapindulira yekhayo amene amatsirizadi peya imodzi pamwezi. Ena onse amangodzaza dirowa.

Ulusi umene amatumiza ndi wa 4-ply, kutanthauza timiyendo tinayi topotedwa pamodzi, mamita pafupifupi 400 pa magalamu 100, wosakaniza magawo 75 a ubweya wa nkhosa za merino ndi magawo 25 a nayiloni. Nayiloniyo musamuyang'ane ndi diso loipa. Merino ndi ubweya wofewa, wa tizingwe topyapyala, ndipo paokha umaperesuka msanga pamene phazi likukhuzana ndi nsapato. Sokosi ya merino yekha imatha kubooka pachidendene chisanu chimodzi chisanathe. Chinanso chofunika ndi mmene ulusiwo anaupotera. Tengani kachidutswa, mukapotolole ndi zala: muyenera kuona timiyendo tinayi togwirana zolimba, ndipo mukakasiya kabwerere m'malo mwake. Wa kalabuyi umabwerera bwino, sugawanika pansonga ya singano, ndipo masitichi amaoneka bwino imodziimodzi. Pamenepa palibe chodandaula.

Dandaulo likubwera pa miyezi imene mwiniwake amasintha n'kutumiza ulusi wa mwendo umodzi, wosapota, kapena wosakaniza ndi silika wopanda nayiloni. Ndi wokongola zedi, umawala, koma si wa masokosi ovala m'nsapato. Umatuluka timibulu ndipo umaduka pachidendene. Ukabwera wotere lukireni chipewa kapena sikafu. Kalabu imene ikudzitcha ya masokosi siyenera kutumiza ulusi wotere osachenjeza, ndipo polembetsa nenerani kuti inu mukufuna wokhala ndi nayiloni mwezi uliwonse.

Mtolo umabwera wopotedwa, si mpira ayi, ndipo musayerekeze kulukira pomwepo. Upotololeni ukhale mkombero waukulu, muukoleke kumbuyo kwa mpando kapena m'manja mwa mnzanu, kenako mudule timfundo timene taumanga. Mukadula timfundoto musanaukoleke, ulusi umakolana ndipo madzulo onse amathera pa kuwongola. Pokulunga mpira musakoke kwambiri, chifukwa ubweya ukakhala wokokedwa kwa miyezi umataya kutamuka kwake. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, gawani mipira iwiri ya magalamu 50, kuti sokosi yoyamba isadye gawo la inzake.

Utoto ndi pamene kalabuyi imakomera, ndiponso ndi pamene imalakwitsa. Utoto wonyikira ubweya umagwira ndi asidi ndi kutentha. Wonyika amathira viniga kapena citric acid m'madzi, n'kutenthetsa mpaka pafupi kuwira, pamadigiri cha m'ma 85, kwa theka la ola kapena kuposerapo, mpaka madzi ayere kusonyeza kuti utoto wonse walowa. Akafulumira kuphula, kapena akathira utoto wochuluka kuposa umene ubweya ungamwe, wotsalawo umangokhala pamwamba n'kudzatuluka pochapa. Mitundu yachikasu, yotuwa ndi yakhofi ya kalabuyi sisuluka. Yofiira kwambiri ndi ya buluu wowala ndi imene imatulutsa utoto, ndipo buluuyo amafika podetsa zala mukamaluka. Choncho yesani musanayambe: dulani ulusi wa theka la mita, muuviike m'kapu ya madzi ofunda okhala ndi dontho la sopo, kenako muufinye pa kansalu koyera. Nsalu ikadetsedwa, bwezerani mtolo wonse mumphika umene simuphikiramo chakudya, madzi malita awiri ndi viniga woyera theka la kapu, mutenthetse pang'onopang'ono osawiritsa, osavundula, kwa mphindi 20 mpaka 30. Uzizire momwemo, mutsukuluze ndi madzi ofunda mofanana. Chimene chimawononga ubweya ndi kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira, kapena kuutikita uli wotentha. Kuyesaku n'kofunika kwambiri ngati chidendene chikhale choyera pa sokosi yofiira, apo ayi pochapa koyamba chisanduka pinki.

Mitolo yambiri ya kalabuyi ndi yamawangamawanga, ndipo kukongola kwa pamtolo sikutsimikizira kukongola kwa paphazi. Mitundu ikamabwerezabwereza pa utali wofanana ndi mzere umodzi wozungulira sokosi, imaunjikana mbali imodzi n'kupanga zigamba. Kusintha chiwerengero cha masitichi ndi anayi okha, kapena kulukira ku nsonga zonse ziwiri za mpira mosinthanitsa mzere ndi mzere, kumabalalitsa zigambazo. Ulusi wamawanga umameza mapatani a mabowo ndi a zingwe, ndiye uwo lukani wamba. Mapatani ovuta asungireni ulusi wa mtundu umodzi.

Kapepala ka malangizo ndiko kofooka kwenikweni. Kamangopereka saizi imodzi, masitichi 64 pa singano za 2.5 mm, osafotokoza kumene 64 wachokera. Mawerengedwe ake ndi awa. Pimani kuzungulira phazi pamene latambasuka kwambiri, m'munsi mwa zala. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa sokosi iyenera kukhala yocheperapo kuti igwire phazi. Phazi la masentimita 22 likufuna sokosi ya masentimita 20. Ngati dzanja lanu limatulutsa masitichi 32 pa masentimita 10, ndiye 64 uja. Phazi la abambo la masentimita 25 likufuna 72, la mwana wamkulupo 56. Amene amaluka molekerera atsike ku singano za 2.25 mm kapena 2 mm. Sokosi yolukidwa momasuka imatha msanga ngakhale ulusi ukhale wolimba chotani, pakuti masitichi amayendayenda n'kumapererana okhaokha. Mukaikoka n'kuona khungu la phazi kudzera m'masitichi, mwaluka motayirira.

Pa masitichi 64, chidendene chimatenga 32. Lukani mizere 32 mopita ndi kubwerera, ndipo pa mizere ya kunja muzidumphitsa sitichi imodzi osaluka, n'kuluka yotsatira, kuti pakhale pochindikala. Mukakhotetsa chidendene, tolani masitichi 16 mbali iliyonse ndi imodzi yowonjezera pakona, chifukwa pakonapo ndi pamene pamatsala kabowo kamene kamanyansitsa masokosi ambiri. Muzichepetsa awiri mzere uliwonse wachiwiri mpaka mubwerere pa 64. Munthu wa phazi lokwera pamwamba amafuna mizere 36 kapena 40, apo ayi sokosi imakana kudutsa pakakolo. Kuzala muyambe kuchepetsa kutatsala masentimita 5 kuti phazi lithe, masitichi anayi anayi, ndipo mutseke ndi msoko wosaoneka wotchedwa Kitchener kuti pasakhale chotupa chokhuza zala. Zonsezi kapepalako kakanatha kulemba pa tsamba limodzi. Munthu amene sanalukepo sokosi sangaphunzire ndi kapepala kameneka, afunika wina womukhalira pafupi pa chidendene choyamba.

Pa ndalama, tiyerekeze kuti mtolo ndi R250 ndipo kutumiza ndi R60. Peya ya munthu wamkulu yofika pakati pa katumba imadya magalamu 65 mpaka 75, ndiye mwezi uliwonse mumatsala ndi 25 mpaka 35. Zotsala za miyezi itatu zimakwana peya yachinayi ya mizeremizere. Ndiye kuti R930 yakupatsani mapeya anayi, iliyonse kupitirira R230, osawerengera nthawi. Peya imodzi ndi masitichi pafupifupi 20,000. Kwa munthu wogwira ntchito m'nyumba za anthu kapena m'lesitilanti, amene amafika pakhomo kutada ndiponso akuyenera kutumiza kangachepe kumudzi mwezi ukatha, mtengo umenewu ndi woboola m'thumba, ndipo nthawiyo sikwana. Ulusi wa masokosi wa kufakitale wa m'masitolo a zolukaluka, wosakaniza mofanana, umatsika mtengo ndipo umalimba chimodzimodzi. Chimene mukulipirira kukalabu ndi mitundu ndi dzanja la wonyika. Chimenechi n'choyenera kulipiridwa, koma si njira yosungira ndalama. Mukhoza kuchepetsako popempha kuti miyezi itatu ibwere m'phukusi limodzi, kapena kugawana mtengo wotumizira ndi anzanu a dera limodzi.

Kalabuyi imadzitamanso kuti imasamala chilengedwe, ndipo zina mwa zimenezi n'zoona. South Africa ndi dziko la nkhosa za merino, makamaka ku Karoo ndi ku Eastern Cape, ndipo ubweya wambiri umagulitsidwa pamsika wa ku Gqeberha. Dziko lomweli limatulutsa pafupifupi theka la mohair (ubweya wa mbuzi za Angora) wa padziko lonse. Ulusi wochokera konkuno suyenda ulendo wautali ngati woitanitsa ku Ulaya, ndipo phukusi lawo ndi la pepala lopanda pulasitiki. Koma ulusiwu ndi wa superwash. Ubweya uli ndi timamba tosaoneka ndi maso timene timakolana pochapa n'kuuchititsa kufupika, ndipo pofuna kuletsa zimenezi amausambitsa m'mankhwala a klorini n'kuukuta ndi utomoni wopyapyala wa pulasitiki. Mukaphatikizapo nayiloni, sokosiyi siwola yonse ikatayidwa. Ubwino wake ku chilengedwe wagona pa kukhalitsa: peya imodzi yovalidwa zaka zingapo m'malo mwa mulu wa masokosi otsika mtengo obooka pa miyezi iwiri. Kalabu ikananena choncho poyera ikanachita bwino kusiyana ndi kungojambula tsamba lobiriwira pa chikuto.

Kukhalitsako kumadalira kachapidwe. Madzi asapitirire madigiri 30, sopo akhale wa ubweya kapena shampu wamba. Sopo waufa wokhala ndi ma enzyme amadya ubweya pang'onopang'ono, ndipo bulichi amausungunuliratu. Finyani mu thaulo, muyanike chogoneka pamthunzi, pakuti dzuwa la kuno kumtunda limasulutsa utoto msanga ngakhale mu Juni. Sungani magalamu 5 a mtolo uliwonse osokera zigamba. Musadikire kuti pabooke: mukaona pachidendene payamba kupyapyala, ubweya wapita kwatsala timizere ta nayiloni, lowetsani babu lakale la magetsi m'sokosi ndipo musoke motsatira masitichi omwewo, kupitirira sentimita imodzi mbali zonse. Njenjete zimakonda ubweya wovalidwa kale wokhala ndi thukuta, ndiye chapani musanasunge chisanu chikatha. Mtolo umene mukuukayikira uikeni m'thumba lotseka mufiriza kwa masiku osachepera atatu.

Amene akufuna kusamala ndalama ndi chilengedwe pamodzi ali ndi njira ina, ya kaunjika. M'misika ya dunusa ya m'tauni pafupi ndi Park Station, ndi m'masitolo a zovala zakale a mabungwe othandiza odwala, mumapezeka majuzi a ubweya weniweni. Tembenuzani juzi muone msoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi makina a ovaloko, isiyeni, pakuti ikupatsani tizidutswa tokhatokha. Ngati mbali zake zinalukidwa zathunthu n'kulumikizidwa ndi kamsoko konga tcheni, imasomoka yonse. Kalebulo ka pajuzi konena mtundu wa ulusi kakasowa, tenthani kaulusi kamodzi. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka pazala. Akiliki amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Ulusi wosomola umakhala wopotanapotana, ndiye uzungulizeni pampando, muumange malo anayi, muuviike m'madzi ofunda theka la ola, uume osaupachika cholemera. Popeza ulibe nayiloni, uwo ndi wa masokosi a m'nyumba ndi ogonera, ofunika kwambiri m'zipinda za simenti zopanda chotenthetsera mu Julayi. Zotsala za kukalabu zija zimagwira bwino ntchito pa chidendene ndi kuzala kwa masokosi amenewa, bola makulidwe a ulusi afanane.

Polembetsa, kalabuyi imakopa anthu ndi kuchotsera mtengo kwa amene alipiriratu miyezi 12. Musayambire pamenepo. Tengani miyezi itatu, kuyambira Febuluwale kapena Malichi, kuti chisanu cha Juni chipeze masokosi ali okonzeka, ndipo muone ngati manja anu akuyendera limodzi ndi maphukusi. Mwezi wachitatu ukafika mtolo woyamba usanakulungidwe n'komwe, imitsani. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola wogula kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka chidziwitso cholemba cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale wogulitsa akhoza kudulapo chindapusa choyenera. Limapatsanso miyezi 6 yobwezera katundu wolakwika. Mtolo wokhala ndi mfundo zambirimbiri kapena wosakwana kulemera ndi wolakwika, koma mtundu umene simunaukonde si cholakwika, chifukwa munavomera kulandira mosasankha. Choncho phukusi likangofika ikani mtolo pa sikelo, muujambule chikuto chisanachoke, ndipo ngati pali mitundu imene simungavale, lemberani mwiniwake pa WhatsApp tsiku lonyika lisanafike.