Dublin kapena Galway: mukagone kuti ngati muli ndi masiku anayi okha ku Ireland?

Ambiri amatsikira pa bwalo la ndege la Dublin, ndiye amangoganiza kuti ulendo wonse ukathera momwemo. Koma pabwalo lomwelo pali mabasi a Citylink amene amalunjika ku Galway osafuna kuti musinthe, ulendo wa maola atatu kapena kucheperapo. Kusankha mzinda kumayambira pakhomo pa bwalo la ndege, katundu ali m'manja.

Dublin ndi mzinda wa zinthu zoonera m'nyumba, ndipo zambiri zimafuna kuti mugule tikiti musanafike. Kilmainham Gaol, ndende imene anaphera atsogoleri a kuwukira ulamuliro wa Britain kwa 1916, amaloleza anthu kulowa m'magulu otsogozedwa basi, ndipo matikiti amawatulutsa pa intaneti kutatsala masiku 28. Amatha msanga. Mukangopita osagula, mubwerera pachipata. Ku Trinity College, yunivesite imene inakhazikitsidwa mu 1592, kuli Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lolembedwa pamanja cha m'ma 800. Dziwiranitu kuti mukaona masamba awiri okha amene atsegulidwa tsikulo, m'kati mwa galasi, anthu akukankhana kumbuyo kwanu. Guinness Storehouse, nyumba yoonetsa mbiri ya mowa wa Guinness ku St James's Gate, nayo ndi ya tikiti, ndipo si yotchipa. Chimene chimapulumutsa thumba n'chakuti National Museum, National Gallery ndi Chester Beatty (nyumba yoonetsa mabuku akale ndi zaluso) salipiritsa polowa. Munthu akhoza kutha tsiku lathunthu la mvula m'nyumba zitatuzi osatulutsa yuro ngakhale imodzi.

Kuyenda mu Dublin kumafuna nzeru pang'ono. Kubwalo la ndege kulibe sitima, ndi mabasi ndi matakisi okha. Mumzinda muli mabasi, Luas (sitima zazing'ono zoyenda mumsewu, za njira ziwiri, Red ndi Green) ndi DART, sitima imene imatsata gombe kupita ku Howth ndi ku Bray. Gulani Leap Visitor Card, khadi ya alendo yokwerera zonsezi, ya tsiku limodzi, masiku atatu kapena asanu ndi awiri. Popanda khadi, dalaivala wa basi amalandira ndalama zachitsulo zokha, ndipo chenji sabweza. Pa Luas khadi mumaligunditsa pa kamakina kali pa siteji musanakwere, n'kuligunditsanso mukatsika. Amene amakwera akuganiza kuti makinawo ali m'kati ndi amene amalipitsidwa chindapusa.

Pakati pa mzinda wa Galway zonsezo sizikufunika. Sitima yochokera pa Heuston ku Dublin imatenga pafupifupi maola awiri ndi theka, n'kukutulani pa Ceannt Station, pambali penipeni pa Eyre Square. Kuchoka pamenepo mumatsetsereka wapansi ndi Shop Street ndi Quay Street mpaka pa Spanish Arch, chipupa cha 1584 chimene chili pamene mtsinje wa Corrib umathira m'nyanja. Kota ya ola yakwana. Kunena zoona, zoona za mumzindamu zimatha tsiku limodzi: tchalitchi cha St Nicholas cha m'ma 1320, msika wa Loweruka umene umachitikira pambali pake, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja wa ku Salthill, kumene eni mudzi amati ukafika kumapeto uponde chipupa ndi phazi usanatembenuke. Madzulo oimba nyimbo zachikhalidwe amakhala pakona m'malo omwera mowa, ndipo nthawi zambiri palibe cholipira pakhomo. Ku Temple Bar, dera la malo omwera mowa ku Dublin, nyimbo ziliko, koma mowa wake ndi wa mtengo wa alendo.

Phindu lenileni la Galway lili kunja kwa mzinda. Maphompho a Cliffs of Moher, amene pamalo pena amatalika mamita 214 kuchokera pamadzi, ali ku County Clare, ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Kuchokera ku Dublin amapitanso, koma tsiku lonse limathera pampando wa basi. Kupita ku Inis Mór, chachikulu mwa zilumba za Aran, mumakwera basi mpaka ku Rossaveel kenako boti la mphindi 40. Vuto lake ndi nyengo. Mbali ya kumadzuloyi imalandira mvula yambiri kuposa Dublin, nkhungu imatha kuphimba maphomphowo osaona kanthu, ndipo nyanja ikakalipa boti silinyamuka. Choncho musaike ulendo wa kuzilumba pa tsiku lomaliza. Ambulera mphepo ya kumeneko imangoipinda. Tengani jekete la mvula lokhala ndi chipewa.

Nyengo ya chaka ndi imene imadula mlandu. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo Galway imapambana: mausiku awiri kumeneko, umodzi kapena awiri ku Dublin. Mu Disembala kumada 4 koloko itangopitirira, ndiye khalani ku Dublin komwe zoona zili pansi pa denga. Kumapeto kwa Julayi samalani ndi Galway, chifukwa chikondwerero cha zaluso chimatsatana ndi mpikisano wa akavalo wa ku Ballybrit, ndipo malo ogona amadzaza n'kukwera mtengo.

Ena amafuna kuwonjezerapo Belfast poti sitima yake imanyamukira pa Connolly mu Dublin momwemo. Kumeneko ndi ku United Kingdom: ndalama ndi mapaundi, ndipo ngakhale pamalire palibe chipata, viza ya Ireland payokha sikupatsani chilolezo cholowa. Viza ya Schengen nayo sigwira ntchito ku Ireland. Zimene simuvutika nazo ngati mukuchokera ku Malawi ndi masoketi a magetsi, amene ndi a mano atatu omwe aja, komanso magalimoto amene amayenda kumanzere ngati kwathu.